MPHEPO YA PANKHOPE SINDIYO MPWEYA WATSOPANO

Mwezi wa Juni ukafika, cisanu cikayamba kuluma zala, m'makomboni ndi m'midzi mwathu mumamveka nkhani imene imabwera caka ndi caka: banja lagona ndi mbaula m'nyumba, citseko ndi mawindo ziri zotseka, ndipo m'mawa anthu osadzuka. Ena amapulumuka ndi mutu wowawa ndi cizungulire, koma ena amatulutsidwa ali mitembo. Sikuti m'nyumbamo munalibe mpweya iai. Mpweya unalimo wodzaza cipinda conse, koma unali womwewo-womwewo, wongozungulira pakati pa makala ndi mapapo a anthu usiku wonse, popanda polowera watsopano kapena potulukira wakale.

Okondedwa awerengi, tayamba ndi mbaula cifukwa ndiyo mphunzitsi wapafupi wa nkhani yathu ya mwezi uno. Kuyambira ca m'ma 1930, pamene migodi ya Luanshya, Nkana ndi Mufulira inayamba kutulutsa mkuwa, mabanja ambiri a ku Cigawo ca Kum'mawa akhala akutumiza ana ao Kumigodi. Masiku ano anyamata enanso akukumba golide ndi miyala ya mtengo wapatali m'maenje ao-ao. Onsewa moyo wao wakoloweka pa cinthu cosaoneka ndi maso, ndico mpweya. Funso loyenera kufunsa si lakuti, "Kodi pansipo pali mphepo?" koma lakuti, "Kodi mphepoyo icokera kuti?"

Mgodi umapuma motani?

Mpweya umene tipuma kunja kuno, pa magawo 100 ali onse, magawo 21 ndi okosijeni, uja thupi limafuna kuti likhale ndi moyo. Pansi pa nthaka mpweya wotere sudzifikira wokha mokwanira; uyenera kucita kukokedwa. Ncifukwa cake mgodi waukulu umakhala ndi zitsime zakuya zosacepera ziwiri, zimene anchito amazicha mashafuti. Ina ndi yolowera mpweya wabwino, ndipo kawiri-kawiri ndi yomweyo imene keji imatsitsiramo anthu. Ina ndi yotulukira mpweya umene watha nchito, ndipo pakamwa pake pamakhala mafani akulu-akulu, otalika kuposa munthu, amene amalira usana ndi usiku kukoka mpweya kucokera pansi. Pakati pa mashafuti awiriwa pali njira za makilomita ambiri, ndipo ainjiniya amamangamo makoma ndi zitseko kuti mpweya upite kumene kuli anthu, usadzere njira yacidule ndi kutuluka usanagwire nchito yake.

Komabe pali malo amene mphepo yaikuluyi siifika. Njira yatsopano imene ikukumbidwa imakhala yotseka kutsogolo, yokhala ndi khomo limodzi ngati una wa mbewa, ndipo kumapeto kwake ndiko kumakhala oboola miyala ndi oyendetsa makina. Kuti iwowa apume, amaika fani yaing'ono m'njira yaikulu, ndipo fani imeneyi imakankha mpweya m'paipi yaitali, ya nsalu yolimba kapena ya citsulo, mpaka pafupi ndi pamene anthu akugwira nchito. Mpweyawo ukatuluka m'paipi umakokolola zoipa zonse, nubwerera nazo kukhomo, nulowa m'mphepo yaikulu yopita ku shafuti yotulukira. Zonse zikayenda bwino, mpweya umadutsa pa munthu kamodzi kokha.

Adani anai okhala mu mpweya

Nanga zoipa zimene mpweya uyenera kukokolola ndi ziti? Woyamba ndi fumbi la mwala. Miyala yambiri iri ndi silika, ndipo ikabooledwa kapena kuphwanyidwa imatulutsa fumbi. Loopsa si lija lioneka pa zobvala, cifukwa limenelo mphuno ndi pakhosi zimalikola. Loopsa ndi lacing'ono-cing'ono, losaoneka ndi maso, limene limayandama maola ambiri ndi kukafika pansi peni-peni pa mapapo. Pakapita zaka mapapo amacita zipsera ndi kuuma. Awa ndiwo matenda a silikosisi, ndipo alibe mankhwala ocizira. Munthu wa silikosisi amagwidwanso mosabvuta ndi cifuwa ca TB.

Waciwiri ndi utsi umene umatsala akaphulitsa miyala. Muli carbon monoxide, mdani yemwe uja wa m'mbaula, wopanda fungo kapena mtundu, amene amakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni nthawi zoposa 200. Mulinso utsi wina wofiirira umene umapsereza mapapo mwakacetecete. Wacitatu ndi utsi wa makina a dizilo onyamula miyala. Mu 2012 bungwe la IARC, limene ndi nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, linaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zimene zatsimikizika kuti zimayambitsa khansa ya m'mapapo.

Wacinai ndi kutentha. Munthu akamanka natsika, thanthwe limanka litentha, ndipo mpweya weni-weniwo potsika m'shafuti umapanikizika ndi kutentha pafupi-fupi digiri 1 pa mamita 100 ali onse. Migodi ya Mufulira ndi Mindola inapitirira kale kuya kwa kilomita 1. Ku mgodi wa golide wa Mponeng ku South Africa, umene wafika pafupi-fupi makilomita 4, thanthwe limatentha kupitirira madigiri 60. M'malo otere munthu amalakalaka kamphepo monga alakalakira madzi, ndipo apa ndi pamene pagona msampha.

Pamene mpweya ubwerera m'mbuyo

Tiyeni tibwerere ku fani yaing'ono ija. Malo ake oyenera ndi kumtunda kwa khomo la njira yatsopano, mbali imene mphepo yabwino icokera, monga mai wanzeru amatunga madzi akumwa kumtunda kwa pamene anthu acapira. Ikaikidwa pafupi kwambiri ndi khomo, kapena kumunsi kwake, imayamba kumeza mpweya womwe uja wangotuluka kumene ndi fumbi ndi utsi, niubwezanso kwa anthu. Cimodzi-modzinso ngati fani iri yamphamvu kuposa mpweya umene ukudutsa m'njira yaikulu: ikamwa wonse wabwino, yotsalayo imakwaniritsa ndi woipa. Citseko cosiyidwa cotseguka, khoma loboola, kapena paipi yong'ambika zingacititsenso mpweya kudzera njira yolakwika.

Coopsa ncakuti munthu amene ali kumapeto kwa paipi sazindikira kanthu. Fani ikulira monga mwa nthawi zonse, paipi yafufuma, mphepo ikuomba pankhope, thukuta likuuma. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ncifukwa cake malamulo a migodi amaletsa zimenezi. Mwacitsanzo, malamulo a migodi ya malasha okumba pansi ku America amanena mwacindunji kuti fani yaing'ono iikidwe ndi kuyendetsedwa mwa njira yoti isabweze mpweya.

Tiwerenge pamodzi

Kuti timvetse bwino, tiyeni ticite samu yaing'ono ndi manambala ongoyerekeza. Tinene kuti pamalo ena pamalowa zidebe 100 za mpweya watsopano pa kamphindi kali konse, ndipo makina a pamenepo amatulutsa cidebe 1 ca utsi pa kamphindi komweko. Mpweya wotuluka udzakhala ndi utsi gawo 1 pa 100.

Tsopano tiike fani imene itenga zidebe 100 za mpweya wotuluka ndi kuzibweza kukhomo. Mphepo yodutsa pa anthu yafika zidebe 200, ndipo ali yense akumva kuti kwapepuka. Koma utsi wotuluka pamalopo ukhalabe gawo 1 pa 100, cifukwa utsi ulibe njira ina yocokera koma kukwera pa zidebe 100 zija zimene zimalowa zatsopano ndi kutuluka zosabwerera. Kusintha kulipo kumodzi: munthu wa pakhomo, amene kale anali kupuma mpweya woyera, tsopano akupuma wosakaniza, wokhala ndi theka la utsi umene uli kotulukira.

Pomaliza, tinene kuti mpweya watsopano wacepa kufika zidebe 50, koma fani yobweza yaonjezera mphamvu kotero kuti mphepo ikhalebe zidebe 200. Pankhope palibe cimene casintha, koma utsi wafika magawo 2 pa 100, kuwirikiza kawiri. Ndipo mpweya watsopano ukalekeratu kulowa, utsi udzangokwera-kwera monga m'nyumba ya mbaula ija. Phunziro lake nali: cimene cimacepetsa poizoni ndi kuculuka kwa mpweya watsopano wolowa, osati liwiro la mphepo. Madzi osambiramo angabvundulidwe motani, sasanduka a pacitsime.

Nanga bwanji ena amabweza mwadala?

Mwina mudabwa kumva kuti pali migodi imene inayesa kubweza mpweya mwadala, ainjiniya akudziwa bwino cimene akucita. Cifukwa cake ndi mtengo. Kukankha mpweya m'njira zazitali kumadya magetsi koopsa: kuti mpweya woyenda m'njira zomwezo uwirikize kawiri, mafani amafuna mphamvu yowirikiza nthawi 8. Kukumba shafuti yatsopano kumatenga zaka ndi ndalama zosaneneka. Tsono akatswiri a ku Britain, ataona samu imene tacita ija, anati: ngati mpweya watsopano ukwanira kale kusungunula utsi, koma liwiro lake ndilo lacepa, bwanji osabweza gawo lina kuti mphepo ithamange, iziziritse anthu ndi kusakaniza bwino mpweya woipa umene umaunjikana kudenga?

M'zaka za m'ma 1980 njira imeneyi inayesedwa ku mgodi wa malasha wa Wearmouth mu mzinda wa Sunderland, umene njira zake zinapita makilomita ambiri pansi pa nyanja, kumene shafuti yatsopano siikanakumbika mosabvuta. Okonda mpira adziwe kuti bwalo la Stadium of Light linamangidwa pamalo a mgodi umenewu utatsekedwa mu 1993. M'zaka zomwezo inayesedwanso ku mgodi wa golide wa Loraine ku Free State, South Africa, kumene colinga cinali kulimbana ndi kutentha: mpweya wobwezedwa unali kudutsa m'madzi ozizira owazidwa, amene anali kuuziziritsa ndi kugwetsako fumbi.

Koma kubweza kwa dala kuli ndi malamulo ake okhwima. Mpweya watsopano sucepetsedwa kupitirira mlingo woyenera. Mpweya wobwezedwa umayamba wasefedwa, cifukwa popanda sefa fumbi lija losaoneka limadutsa pa mapapo omwewo kawiri, katatu. Pamakhala makina oyeza mpweya usana ndi usiku, ndipo akangonunkhiza utsi wa moto kapena carbon monoxide wopitirira mlingo, fani yobweza imazima yokha ndipo zitseko zimatseka, osadikira munthu. Pa nthawi yophulitsa miyala fani imeneyi siiyenda mpaka utsi utatha. Kusiyana kwa kubweza kwa dala ndi kwa ngozi ndi komweko kumene kulipo pakati pa moto wa pamafuwa ndi moto wa lupsa.

Ife a m'Zambia nkhani ya mtengo wa magetsi tiidziwa bwino. Migodi imagwiritsa nchito pafupi-fupi theka la magetsi a dziko lino, ndipo mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, tonse tinaona mmene magetsi angasowere. Pa nthawi zotere pamakhala yesero lofuna kupulumutsa ndalama pa ciri conse. Pangapulumutsidwe pena ponse, koma osati pa mpweya watsopano, pakuti wolipira ngongole yake ndi mapapo a munthu wosauka, ndipo amalipira atapuma kale nchito.

Moto ukabuka pansi

Cimene akatswiri amaopa koposa pa kubweza mpweya ndi moto. Pansi pa nthaka, ambiri amene amafa pa ngozi ya moto safa ndi malawi koma ndi utsi, cifukwa mphepo yomwe ija imene imabweretsa moyo ndiyo imanyamula utsi kukafikitsa kwa anthu amene ali kutali, osadziwa kanthu. Pa 16 Seputembala 1986, ku mgodi wa golide wa Kinross ku South Africa, moto unabuka pamene anthu anali kuwocherera zitsulo, nugwira thobvu louma la pulasitiki limene linamatidwa m'makoma a njira. Anthu 177 anafa, oculuka a iwo cifukwa ca utsi wa poizoni. Ngozi imeneyi siinabwere cifukwa ca kubweza mpweya, koma ionetsa poyera cimene utsi umacita ukakwera pa mphepo. Tsono taganizani utsi wotere ukumana ndi fani imene iubweza kwa anthu mobwereza-bwereza.

Ncifukwa cake m'migodi yaikulu wanchito amabvala m'ciuno kabokosi kacitsulo kamene kamampatsa mpweya wopuma kwa kanthawi, pafupi-fupi theka la ola, kuti afike ku cipinda cothawiramo. Kabokosi kameneka nkolemera ndipo kamasautsa, koma si kosiya pa mwala poti kandilemera.

Maenje a anyamata athu

Zonsezi zingaoneke ngati nkhani ya makampani akulu-akulu, koma ziri pakhomo pathu peni-peni. Ku Rufunsa, ku Vubwi, ku Mumbwa ndi kwina anthu amakumba golide. Ku Lundazi amafuna miyala yonyezimira. Ambiri mwa maenje amenewa ali ndi khomo limodzi, alibe injiniya, alibe makina oyezera. Madzi akadzaza, anyamata amatsitsira m'dzenje pampu ya petulo. Injini yoyaka m'dzenje ndi mbaula m'nyumba yotseka, ndipo imapha msanga kuposa mbaula. Tonse tidziwa kuti mbewa zimafukizidwa ndi utsi kuuna; munthu asadzifukize yekha.

Ena amayesa kucita bwino: amasiya injini kunja, naika kafani kokankhira mpweya m'dzenje. Koma kafaniko kakaikidwa pambali pa jenereta, kamameza utsi wa jeneretayo ndi kuutsitsira kwa anthu. Kakaikidwa pakamwa peni-peni pa dzenje, kamabweza mpweya woipa umene ukutuluka. Bvuto ndi lomwe lija la fani yaing'ono ya m'mgodi waukulu. Kafani kakhale potero ndi khomo la dzenje, mbali imene mphepo icokera, ndipo jenereta ikhale kumunsi kwa mphepo. Paipi ifike pansi peni-peni pamene pali anthu.

Pali cizolowezi coyesa mpweya ndi kandulo. Nzoona kuti kandulo imazima pamene okosijeni wacepa, ndipo ikazima munthu asatsike. Koma kandulo ingayake bwino-bwino mu mpweya umene uli ndi carbon monoxide wokwanira kupha munthu. Ndiponso mnzanu akakomoka pansi, musalumphiremo mwa cifundo cokha. Kawiri-kawiri m'maenje otere wopulumutsa amagona pambali pa wopulumutsidwa. Zimitsani injini, kankhiranimo mpweya wabwino, itanani anthu, ndipo wotsika amangidwe cingwe.

Zimene banja lingacite

Inu abambo ndi anyamata ogwira nchito pansi, zolowerani kuyang'ana kumene fani yanu ikumwa mpweya. Mukaona paipi yong'ambika, citseko ca mpweya cotseguka, fumbi likuyandama m'kuwala kwa nyali osacoka, kapena anthu angapo akudandaula mutu pa nthawi imodzi, uzani kapitao kapena shifiti bosi nthawi yomweyo, ndipo akapanda kumva, uzani woimira anchito pa za citetezo. Musalowe pamalo ophulitsidwa nthawi yoikika isanakwane, ngakhale bonasi ikuitaneni. Musaboole mwala popanda madzi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Inu amai, pali cinthu cimodzi cimene muyenera kucidziwa. Utsi wofiirira wa zophulitsira uja suonetsa ukali wake pomwepo. Munthu angaupume masana, natsokomola pang'ono, naweruka ali bwino-bwino, nadya nsima. Koma pakapita maola angapo mapapo amayamba kudzaza madzi ndipo amabanika pakati pa usiku. Amuna anu akanena kuti lero analowa mu utsi, ndipo mukaona kupuma kwao kwasintha, musadikire kuti kuce. Pitani nao ku cipatala usiku womwewo, ndipo mukauze adokotala kuti anapuma utsi wa zophulitsira miyala.

Inu amene muli ndi nkhalamba zimene zinapuma nchito ya m'migodi, kumbukirani kuti silikosisi ingaonekere zaka zambiri munthu atabwerera kale kumudzi. Cifuwa cosatha, kuonda ndi wefuwefu pokwera kacitunda si ukalamba cabe, ndipo si za anthu oipa. Ku Kitwe kuli bungwe la Occupational Health and Safety Institute, limene anchito akale analidziwa ndi dzina la Pneumoconiosis Bureau, kumene amayeza mapapo a anchito a m'migodi, amakono ndi akale omwe. Zotsatira za kumeneko ndizo zimatsegula njira yopempha cipukuta misozi ku Workers' Compensation Fund Control Board. Sungani bwino mapepala onse a nchito ndi a cipatala. Ndipo ngakhale silikosisi siicizika, TB imacizika ndithu. Mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma, malinga munthu amwe mpaka kumaliza.

Mkuwa wa dziko lino wamanga masukulu, zipatala ndi miseu, ndipo waphunzitsa ambiri a ife. Amene amautulutsa sapempha zambiri: apempha kuti mpweya umene apuma pansi ukhale wocokera kunja, wokwanira, ndipo ukatha nchito utuluke osabwerera mwakuba. Mwana wanu akadzabwera kudzaceza kumudzi ndi kukuuzani kuti kumene agwira nchito kuli mphepo yabwino, kondwerani naye, koma mumfunsenso modekha kuti, "Mwananga, mphepoyo icokera kuti?" Ndipo Juni akafika, musaiwale kutulutsa mbaula musanagone.